Wolipira kanema aloledwe kusunga zimene walipira

Pakati pa zinthu zonse zimene munthu wa ku Nathenje amagula ndi ndalama ya thukuta lake, palibe china chimene chimamupulumuka msanga m'manja kuposa zithunzi za pa kanema. Pakuti thumba la feteleza akaligula amalikweza panjinga napita nalo kwawo, ndipo ngakhale nyuzipepala imene mukuwerengayi mukhoza kuipinda ndi kuiika m'sutikesi kufikira chaka chamawa, koma mwezi wa kanema wolipira, umene mabanja ambiri amaupeza atadzimana ndiwo ndi sopo, umangodutsa pagalasi, kaya mwini wake alipo kaya ali kudimba, kaya magetsi ayaka kaya azima, ndipo tsiku lomaliza likakwana sipatsala kanthu kakuti munthu n'kuloza. Chifukwa chake ndifuna kunena poyera, ndipo ndidziwa kuti ena adzanditsutsa, kuti banja limene lalipira kanema mokhulupirika liyenera kuloledwa kujambula zimene lalipirazo ndi kuzionera pa nthawi yake m'nyumba mwake, ndi kuti ufulu umenewu tiufune kwa opanga malamulo masana dzuwa likuswa mtengo, osati kwa othyola maloko usiku.

Nkhani imeneyi yadza chifukwa cha anyamata athu okonza mafoni ndi mawailesi, amene timawaona m'makonde a masitolo m'mbali mwa msewu wa M1, ndiponso pamsika wa Mitundu, atawerama pa tebulo lodzala ndi timawaya, chitsulo chowotcherera chili m'manja, kompyuta yakale yochotsedwa mu ofesi ina ya ku Lilongwe ili chotsegula pambali, fumbi lofiira litamatirira pa chokupizira mphepo chake. Anyamata otere, amene ambiri a iwo sanapondeko m'kalasi ya zamagetsi koma anaphunzira ndi maso ndi zala, amafunsa funso loyenera: popeza kanema wa masiku ano amabwera ngati manambala, ndipo kompyuta ntchito yake ndi kusunga manambala, chingaletse n'chiyani kuti munthu amange makina akeake ojambulira mpira, nkhani ndi masewero, kuti apabanja adzaonere akaweruka? Funsoli lili ndi mayankho awiri, lina lokondweretsa ndi lina lowawa, ndipo onse awiri ayenera kumveka bwino.

Yankho lokondweretsa ndi lakuti kujambula kanema wosatsekedwa ndi ntchito yopepuka kuposa mmene ambiri amaganizira. Mayiko atagwirizana ku Geneva m'chaka cha 2006 kuti kaulutsidwe kakale kathe pofika pa 17 Juni 2015, mayiko a kumwera kwa Africa anasankha njira yotchedwa DVB-T2, ndipo kwathu kuno ntchito yonyamula mawailesi akanema pa milongoti inapatsidwa kwa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene anthu amaidziwa ndi madikoda a Kiliye Kiliye. M'njira yatsopanoyi, mlongoti umodzi umatumiza mawailesi ambiri pamodzi mu mtsinje umodzi wa manambala, ndipo ntchito ya dikoda ndi kupatula wailesi imene mwasankha ndi kuisandutsa chithunzi ndi mawu. Tsono munthu akagula kachipangizo kolandirira mafunde, kotchedwa tuner, kamene kamalowa pa USB, nakalumikiza ku eriyo, kompyuta siisowa kuchita chozizwa chilichonse: imangotenga manambalawo monga abwerera ndi kuwalemba pa hard disk, osachotsapo kapena kuonjezerapo, kotero kuti chojambulidwacho chimaoneka bwino chimodzimodzi ndi mmene chinaulutsidwira. N'chifukwa chake kompyuta yokalamba ikwanira, ngakhalenso kakompyuta kakang'ono konga Raspberry Pi, kamene kamadya moto wochepa woti batire ya sola n'kukasamala usiku wonse. Mapulogalamu ake, monga MythTV imene inayambidwa m'chaka cha 2002, kapena Tvheadend, ndi aulere, olembedwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Ndipo popeza ola limodzi la kanema wamba limatenga malo pafupifupi gigabyte imodzi, hard disk ya terabyte imodzi ingasunge maola mazanamazana.

Koma yankho lowawa limayamba pamene mmodzi wa anyamata aja achotsa waya wa eriyo nalumikiza wa dishi, poyembekeza kujambula mpira wa ku England umene bambo ake alipirira. Mafunde ochokera ku satelayiti, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, amagwera pa denga la wolipira ndi la wosalipira mofanana, ndipo popeza mwini malonda sangathe kusankha madenga, amasokoneza manambalawo asanawatumize, kuti asamveke kwa wina aliyense koma kwa iye amene ali ndi kiyi. Kiyi ameneyu sakhalitsa. Amasinthidwa pakangopita timphindi towerengeka, usana ndi usiku, ndipo kiyi watsopano aliyense amabwera atakulungidwa mu uthenga wina umene ungamasulidwe ndi khadi la m'dikoda lokha. Khadilo nalonso limamvera uthenga wachitatu, wochokera ku likulu la kampani, wonena kuti mwini khadi ili walipira kufikira tsiku lakuti. Ndiye chifukwa chake mukalipira pafoni, zithunzi zimabwerera popanda munthu kufika pakhomo panu. Pamwamba pa izi, khadi limamangidwa ukwati ndi dikoda yake, kotero kuti silingagwire ntchito m'makina ena. Ndipo ngakhale waya wa HDMI, umene umachoka ku dikoda kupita ku kanema, uli ndi loko wakewake wotchedwa HDCP, woletsa kuti chipangizo chojambulira chikhale pakati. Kompyuta ya mnyamata uja idzalemba mokhulupirika zonse zimene dishi yalandira, koma akadzatsegula, adzapeza mdima wokhawokha. Chimene chimamutsalira ndi timawaya titatu takale tija, tachikasu, tofiira ndi toyera, timene timatulutsa chithunzi chofooka ndi chosawala.

Sindili mmodzi wa iwo amene amati loko ameneyu ndi nkhanza chabe. Amene amaonetsa mpira wa ku Ulaya amaugula ndi ndalama zakunja zochuluka, ndipo wojambula sewero, woimba, mtolankhani ndi wonyamula kamera onse ali ndi ana ofuna kudya. Wogwira ntchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo mtundu umene uzolowera kudya za eni osalipira umapha luso la ana ake omwe, monga oimba athu angachitire umboni, iwo amene nyimbo zawo zimathiridwa m'mamemori khadi pa misika yonse popanda tambala kufika kwa iwo. N'chifukwa chake ndiwachenjeza achinyamata za anthu amene amayendayenda ndi timadikoda tachilendo, nalonjeza mawailesi onse a dziko lapansi pa mtengo wa nkhuku imodzi. Chinsinsi chawo n'chakuti kwinakwake kuli khadi limodzi lolipiridwa, limene makiyi ake amabedwa ndi kugawidwa pa intaneti kwa anthu mazana. Ndipo tsiku limene eni ake adzalizindikira khadilo ndi kulitseka, zithunzi zimazima m'nyumba zonsezo nthawi imodzi, wogulitsa uja foni yake siipezekanso, ndipo wogula alibe bwalo lokadandaulako, pakuti sangakasume kuti anam'bera pamene iye anali kugula zakuba. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu kuvomereza kuti wosalipira atsekeredwe kunja si kuvomereza kuti wolipira amangidwe manja m'nyumba mwake. Taganizirani mmene moyo wathu ulili. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba khumi zilizonse m'Malawi, ndi imodzi yokha, kapena kupitirirapo pang'ono, imene imaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale iwo amene waya unawafika amadziwa kuti magetsiwo ali ndi nthawi zawo; namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri mabanja anali kulipira mwezi wathunthu wa kanema naonera masiku osakwana. Mwezi womwewo, pa 25 Januwale, Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija cha patali pokumana ndi Morocco ku Cameroon, chimene dziko lonse la Africa linachikamba. Ndipo ndifunsa, kodi bambo amene analipira kuti aone masewero amenewo, koma ola lomwelo anali kuchipatala ndi mwana, kapena ku maliro kumene mwambo sulola munthu kuchokako, analakwira yani kuti asadzawaonenso m'nyumba mwake, pamodzi ndi ana ake, mmene anaseweredwera kuyambira pachiyambi? Ndondomeko ya mapulogalamu imakonzedwa ndi anthu a m'mizinda, amene amaweruka nthawi yodziwika. Koma mlimi wa fodya wa kwa Chadza kapena kwa Kalumba, nyengo yothyola ndi yosoka ikafika, saona mpando kufikira usiku, ndipo mayi wogulitsa tomato ndi mbatata pamsewu sachoka pamalo pake galimoto zisanathe. Amene asowa kwambiri makina ojambulira ndi iwowa, osati a ku Area 10.

Adzandiyankha kuti makina otere alipo kale, ndipo n'zoona: MultiChoice imagulitsa dikoda ya Explora, imene ili ndi hard disk m'kati ndipo imajambula bwino lomwe. Koma mtengo wake si wa munthu wamba, ndipo kujambulako kumafuna ndalama ina yapamwamba mwezi ndi mwezi. Choposa zonse, zimene zajambulidwazo zimakhala zotsekeredwa m'dikoda momwemo, sizingasamutsidwe, ndipo zimatseguka pokhapokha ubale wanu ndi kampani uli wamoyo. Ndiye kuti nkhokwe yamangidwa pabwalo panu, chimanga chake mwalipira ndinu, koma kiyi wake amasungidwa kutsidya la Limpopo. Kuti zimenezi si nkhambakamwa tinaziona mu Ogasiti 2023, pamene kusamvana kwa pakati pa MultiChoice ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya kukweza mitengo kunafika kukhoti, ndipo kampaniyo inalengeza kuti ichotsa DStv m'Malawi. Pambuyo pake DStv inabwerera m'dziko muno. Sindifuna kuweruza pano kuti wolakwa anali ndani, pakuti kwacha inali kugwa ndipo mbali zonse zinali ndi zonena. Chimene ndifuna tikumbukire ndi mantha a nthawi imeneyo, pamene eni mavidiyo ndi malo ogona alendo, pamodzi ndi mabanja amene anagula madishi ndi madikoda ndi ndalama zawo, anazindikira kuti zipangizo zonsezo zikhoza kusanduka zitsulo wamba ndi kalata imodzi yolembedwa kunja kwa dziko. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Anzathu a ku America anayenda njira imeneyi ife tisanaiyambe, ndipo mbiri yawo ili ndi phunziro, ngakhale kuti kwawoko kanema wolipira wambiri amafika m'nyumba pa waya wokumbiridwa pansi kapena womangidwa pa mapolo, pamene ife timalandira pa dishi ndi pa eriyo. M'chaka cha 1984 khoti lawo lalikulu, pa mlandu wa pakati pa Sony ndi Universal City Studios, linagamula ndi oweruza asanu motsutsana ndi anayi kuti munthu wojambula pulogalamu kunyumba kuti adzaionere nthawi ina sanaphwanye lamulo. M'chaka cha 1996 nyumba yawo ya malamulo inalamula kuti anthu akhale ndi mwayi wogula zipangizo zolandirira kanema kwa ena, osati kwa kampani ya waya yokha. Ndipo m'menemo munabadwa kakhadi kotchedwa CableCARD, kamene wolipira ankabwereka ku kampani ndi kukalowetsa m'makina a kusankha kwake, kaya ndi TiVo, kaya ndi kompyuta yomanga yekha yokhala ndi chipangizo chonga HDHomeRun Prime. Loko sanathyoledwe, kampani inalandirabe ndalama zake, koma munthu anajambula m'makina ake. Komabe ufuluwo unali ndi zingwe, pakuti pulogalamu iliyonse inkabwera ndi chizindikiro chonena ngati ingakopedwe momasuka, kapena kamodzi kokha, kapena ayi. Ndipo zokopedwa kamodzi zinkatseguka pa Windows Media Center, imene Microsoft inaisiya potulutsa Windows 10 m'chaka cha 2015. Pomaliza, m'chaka cha 2020, bungwe lawo loyang'anira mauthenga la FCC linachotsa malamulo okakamiza makampani kuthandiza ogwiritsa ntchito makhadiwo, ndipo chiyambire pamenepo njirayo yakhala ikufota. Chimene ndiona m'mbiri imeneyi n'chakuti luso la amisiri linalipo nthawi zonse, chiyambi mpaka mapeto. Chimene chinatsegula khomo ndi lamulo, ndipo lamulo litabwerera m'mbuyo khomo linayamba kutsekeka.

Kwathu kuno maziko a lamulo lotere alipo kale, ngakhale ambiri sitiwadziwa. Pansi pa lamulo la zokopera la 2016, zipangizo zosungira mawu ndi zithunzi zikamalowa m'dziko zimadulidwa msonkho wapadera, umene bungwe la COSOMA limagawira oimba ndi aluso ena. Ndipo nzeru ya msonkho umenewu ndi yakuti, popeza anthu adzakopera ndithu zinthu zoti azimvera ndi kuonera kunyumba, ndi bwino kuti eni luso alandirepo kanthu. Ndidziwa kuti ndalama imeneyo siifika kwa wogula mpira wa ku Ulaya, ndipo sindinena kuti imathetsa nkhani yonse. Koma ionetsa kuti dziko lathu linavomereza kale kusiyanitsa pakati pa munthu wosunga chinthu kuti aonere ndi banja lake, ndi munthu wochulukitsa chinthu kuti agulitse. Woyambayo si mbala. Tsono ngati boma litenga msonkho pa hard disk chifukwa chakuti idzasunga zokopera, n'chosayenera kuti boma lomwelo likhale chete pamene njira zonse zokopera mwachilungamo zikutsekedwa.

Pempho langa kwa akuluakulu a MACRA, amene apatsidwa udindo wopereka ziphaso kwa oulutsa, ndi lakuti poyamba ateteze chimene chili chathu. Mawailesi akanema a m'dziko muno, MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha ndi anzawo, amene amadalira otsatsa malonda ndi zopereka osati ndalama ya mwezi ya woonera, afike kwa anthu pa mlongoti osatsekedwa ndi loko wa mtundu uliwonse, kuti kanema aliyense ndi tuner iliyonse yotsata DVB-T2 iwalandire. Pakuti zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo, maphunziro a ana ndi uphungu wa zaulimi si katundu woti nzika izipempha kiyi kuti iwasunge. Ndipo kwa makampani a kanema wolipira, nthawi yokonzanso ziphaso ikafika, afunsidwe chifukwa chimene wolipira sangapatsidwire njira yovomerezeka yojambulira, ingakhale yophweka monga kulola fulashi pa dikoda yotsika mtengo, ingakhale khadi lolowa m'makina ena monga zimachitikira ku Ulaya. Adzati msika wathu ndi waung'ono, ndipo sitingalamule makampani aakulu. Koma Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali ndi madandaulo onga athu, ndipo mayiko omwewa anatha kugwirizana pa DVB-T2. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali chifukwa china chimene chimandikhudza mtima koposa mpira, ndipo ndi ichi. Dziko lathu linakhala zaka zonse za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda lopanda wailesi yakanema, kufikira Television Malawi inatsegulidwa m'chaka cha 1999. Kotero kuti zithunzi zoyenda za moyo wathu, zojambulidwa ndi ife eni, n'zazaka zochepa, ndipo zochepazo zili pa matepi ndi ma hard disk a mawailesi amene ali ndi mavuto awoawo a ndalama, a chinyezi ndi a malo. Amene afuna kumva mmene agogo athu ankaimbira m'zaka za m'ma 1950 amapeza zambiri mwa nyimbozo m'zojambula za Hugh Tracey, zosungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Tiyamika kuti mlendoyo anazisunga, koma n'chomvetsa chisoni kuti mawu a makolo athu tikawapemphe kwa eni nyumba ina. Lero wailesi ikaonetsa mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika, kapena kulongedwa ufumu kwa mfumu ya kwathu, kapena kwaya ya ku Nkhoma, kapena katswiri wa ku Bunda akulongosola za matenda a mtedza ndi kasungidwe ka chimanga, zimenezo zimaonekera kamodzi kapena kawiri, kenaka sizipezekanso. Ndipo mphunzitsi amene akanazionetsa kwa ana a Sitandade 8, kapena mlangizi amene akanazionetsa ku kalabu ya alimi, alibe pozitenga. Sindinena kuti zonse n'zojambula, pakuti za kudambwe zili ndi eni ake ndipo kamera iyenera kuima pamene akulu aiimitsa. Ndinena za zimene zaulutsidwa kale poyera kwa mtundu wonse.

Apa ndi pamene luso la anyamata a pakhonde aja lipeza ntchito yoyenera ulemu. M'malo motaya usiku kufunafuna mapulogalamu othyolera maloko a eni, amene mawa adzatsekedwanso, amange makina osungira zimene zili zotseguka, ndipo awamangire sukulu za sekondale, mipingo ndi makalabu a alimi, atapempha chilolezo kwa mawailesi eni ake pamene zojambulazo zidzaonetsedwa pagulu. Ndikhulupirira kuti wailesi imene ifuna kuti uthenga wake ufike kumudzi siidzakana pempho lotere likadza mwaulemu ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu. Walira mvula walira matope: womanga makina otere adziwe kuti mdani wake wamkulu ndi magetsi obwera mwadzidzidzi atazima, amene amapsereza zipangizo ndi kuononga chimene chinali kulembedwa, choncho batire ndi chotetezera moto zigulidwe hard disk yaikulu isanagulidwe, eriyo ikwezedwe pa mtengo wautali ndi kulozetsedwa kumene kuli mlongoti, waya wake ukhale waufupi ndi wosalumikizalumikiza, fumbi la m'chilimwe lipukutidwe kawirikawiri, ndipo chilichonse chamtengo wapatali chisungidwe pa ma hard disk awiri, m'nyumba ziwiri zosiyana, chitalembedwa dzina la pulogalamu, wailesi ndi tsiku, pakuti chojambula chopanda tsiku chimataya theka la phindu lake pakapita zaka khumi.

Zotsalazo zili m'manja mwa aphungu athu a kumwera kwa Lilongwe, amene amadutsa pa Nathenje ndi pa Mitundu popita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo amaona madishi ali pa madenga a malata ndi a udzu omwe. Komiti ya nyumbayo yoona za mauthenga ili ndi mphamvu yoitana MACRA, COSOMA ndi makampani a kanema kuti akhale pamodzi ndi kuyankha, pamaso pa anthu, chimene wolipira aloledwa kusunga ndi chimene saloledwa. Ndipo ndipempha kuti pa tsiku limenelo aitanidwenso mwini vidiyo mmodzi wa pamsika, mphunzitsi mmodzi wa kumudzi ndi mmodzi wa anyamata okonza zipangizo, kuti adzafotokoze okha zimene amakumana nazo.